Kuchokera pa Sinai kukafika ku Jaffa

Lolemba, msewu wa ku Sinai

Tanyamuka mu Cairo kusanache, ine ndi achimwene, m'kaminibasi konyamula alendo opita kukakwera phiri. Dalaivala sanali wa nkhani. Anayatsa wailesi ya mawu a Korani chapansipansi n'kuponda moto. Ngalande ya Suez sitinaione n'komwe, chifukwa msewu umadutsa pansi pake mu Ahmed Hamdi Tunnel. Umangolowa mumdima, potuluka uli kale ku Sinai. Kuchokera apo ndi mchenga kumanzere, nyanja kumanja, ndi zipata za apolisi zosatha. Pa chilichonse wapolisi amasuzumira pawindo, kutiwerenga, kufunsa mayiko athu n'kulemba m'kabuku. Pa china tinakhalitsa osadziwa chimene tikudikira. Mayi wina wa ku Philippines anatulutsa zipatso za kanjedza n'kugawira galimoto yonse, ndi wapolisi yemwe.

Nkhani imene yatibweretsa kuno inayambika yokha titakhotera kumapiri. Achimwene, omwe akhala mkulu wa mpingo zaka zambiri, anayang'ana matanthwe ofiira aja nati, "Ukuona iwe? Kuno n'kumene Mulungu anaonetsa kuti sachitirwa masewera." Ndinangoti eya. Koma ine ndimayenda ndi zithunzi ziwiri za Mulungu zosamvana: wa pa Sinai, wa mabingu ndi utsi, amene ukangokhudza phiri lake wafa, ndi wa ku Galileya, wodya ndi okhometsa msonkho. Popemphera nthawi zina sindidziwa kuti ndikuyankhula ndi uti. Vutoli ndi lakale. Mphunzitsi wina wachikhristu, Marcion, anaphunzitsa poyera kuti ndi milungu iwiri yosiyana, nataya Chipangano Chakale chonse, ndipo mpingo wa ku Rome unamuchotsa m'chaka cha 144. Munthuyo anachotsedwa, koma maganizo ake akadalowabe nafe m'tchalitchi Lamulungu lililonse, kungoti sitiwatchula.

Tafika madzulo, kukuzizira zodabwitsa. Tadya ful, nyemba zophwanyaphwanya zothira mafuta, ndi buledi wopyapyala. Akuti tidzuke 1 koloko usiku.

Lachiwiri, Jabal Musa (phiri la Sinai)

Miyendo ikunjenjemera pamene ndikulemba izi. Phirili sakulola kukwera wekha. Umapatsidwa wokutsogolera wa mtundu wa Bedouin, a fuko la Jebeliya, amene akhala moyandikana ndi amonke a kuno zaka mazanamazana. Wathu anali mnyamata wa masilipasi, ife tili m'nsapato zolemera. Njira ya ngamila imakwera mokhotakhota mumdima, ndipo ngamilazo zimakutulukira mwakachetechete. Umangomva mpweya wofunda pakhosi, mwini wake n'kumati kwerani, kukadali kutali. Tinyumba ta tiyi tili m'njira monse, ndipo mtengo wa kapu umakwera limodzi ndi phiri. Sindinadandaule, madziwo wina anachita kuwasenza.

Ngamila zimalekera pamene pamayambira masitepe 750 omaliza. Apa mawondo a achimwene anakana. Anakhala pamwala nati, "Pita iwe, ukandiuze." Mnyamata uja sanayankhe kanthu. Anangowalanda chikwama, n'kuwapatsa mkono, nakwera nawo sitepe imodziimodzi, kupuma pamene iwo apuma. Pa mtengo sanawonjezepo kanthu.

Pamwamba, mamita 2,285, mphepo yake ndi yoluma. Tinabwereka mabulangete onunkha ngamila n'kudzipanikiza pakhoma la katchalitchi. Mayi wina, Egeria, anakwera kuno cha m'ma 380 ndipo analemba kuti akafika pa malo alionse ankawerenga ndime ya m'Baibulo yokamba za malowo. Ifenso tinatero, ndi tochi: Eksodo 33 ndi 34. Chinandigwira ndi nthawi imene mawuwa ananenedwa. Anthu angopembedza kumene mwanawang'ombe wagolide, miyala ya malamulo yaphwanyidwa, pangano lasweka likadali lauwisi. Mose akupempha kuona ulemerero wa Mulungu. Mulungu akumubisa m'phanga la thanthwe, n'kudutsa akudzifotokoza yekha: wachifundo, wachisomo, wosakwiya msanga, wodzala ndi chikondi chosasintha ndi kukhulupirika, wokhululukira mphulupulu ndi machimo. Mawu amenewa ndi a pa phiri la mabingu lomweli, kwa anthu oti angomulakwira kumene.

"Usalekere pomwepo," anatero achimwene ali m'bulangete. "Maliza vesi 7." Ndinamaliza: wopalamula samusiya osalangidwa, ndipo mphulupulu za makolo zimafika kwa ana mpaka mbadwo wachitatu ndi wachinayi. Anagwedeza mutu ngati awina mlandu. Ndinati, "Achimwene, koma taonani muyeso wake. Chilango mibadwo inayi, chikondi kwa anthu zikwizikwi." Iwo anati zonse ziwiri zinalembedwa, ndipo apo sindinawatsutse. Dzuwa linatuluka tikukangana, gulu la ku Korea likuimba pambali pathu.

Potsika ine ndinatenga njira ya masitepe, yonse pamodzi 3,750, imene amaitcha masitepe a kulapa. Achimwene anabwerera ya ngamila. Njira ziwirizi zimasiyana pa kachigwa kamene amakumbukirapo Eliya, yemwe anathawira ku phiri lino atatopa ndi moyo. Kunadza mphepo yong'amba miyala, chivomezi, moto, ndipo 1 Mafumu 19 ikuti Yehova sanali m'zonsezo. Pambuyo pake panamveka kamawu kakang'ono. Ndinaona mantha pa masitepe ena, otsetsereka, opanda pogwira.

Kunsi kuli nyumba ya amonke ya Saint Catherine, imene mfumu Justinian inalamula kuti imangidwe pakati pa 548 ndi 565. Amatsegula m'mawa wokha, choncho tinalowa ndi fumbi lathu. M'kati mwa linga muli ndi mzikiti. Kuno n'kumene kunasungidwa Codex Sinaiticus, Baibulo la Chigiriki la m'zaka za m'ma 300, Chipangano Chakale ndi Chatsopano zitasokedwa m'buku limodzi. Mbali yaikulu tsopano ili ku London. Koma ine ndinakhalitsa pa chithunzi cha Khristu cha m'zaka za m'ma 500, chojambulidwa ndi phula. Nkhope yake si yofanana mbali ziwiri. Mbali ya dzanja lodalitsa ndi yofatsa. Mbali imene wanyamula buku nsidze yakwera, diso likukupenyetsetsa. Aliyense amaphimba theka ndi chikhatho, kenako theka linalo. Ndinateronso. Ukachotsa dzanja ndi munthu mmodzi, ndipo sukuona pamene mbali ziwirizo zalumikizana.

Lachitatu, Taba ndi msewu wa 90

Pa malire a Taba umawoloka wapansi. Kumbali ya Israel mafunso ndi ambiri: mukupita kuti, mukagona kuti, mukudziwa ndani. Mtsikana wofunsayo anali wamng'ono koma mtima unkandigundabe. Sadinda m'pasipoti, amakupatsa kapepala kabuluu, ndipo achimwene akasunga m'Baibulo. Mu Eilat ndalama zathu zinayamba kutha msanga: botolo la madzi ndi falafel (timipira ta nyemba tokazinga) m'buledi zinadya mashekele oti ku Egypt tikanadyera tonse awiri n'kutsalako.

Basi ya ku Yerusalemu imatsata msewu wa 90, chipululu chokhachokha, mpaka kutsikira ku Nyanja Yakufa, mamita opitirira 400 pansi pa mlingo wa nyanja zazikulu. Makutu amatseka. Madzi akuphwa pafupifupi mita imodzi pa chaka, ndipo m'mphepete mwina nthaka yagumuka n'kusiya maenje. Tikudutsa phiri la mchere lotchedwa Sodomu achimwene anandigunda ndi chigongono, osanena kanthu, koma ndinamva. Ine ndinatsegula Genesis 18, pamene Abrahamu akunenerera ndi Mulungu: mukapeza olungama 50? nanga 45? mpaka kufika pa 10, ndipo Mulungu akungovomera. Abrahamu anafika pomufunsa ngati woweruza wa dziko lonse sadzachita chilungamo. Munthu sungayankhule choncho ndi amene umangomuopa. Mose naye anatero, Yobu anatero, olemba Masalimo ndiye osanena. Zikuoneka kuti amene anamudziwa bwino ambiri ndi amene analimba mtima kumufunsa mafunso ovuta.

Ndatopa. Tagona pafupi ndi depoti, mawa Galileya.

Lachinayi, Tiberias

M'mabasi a kuno salandira ndalama pamanja, pamafunika khadi lotchedwa Rav-Kav. Lathu linatha ndalama tili pa basi yopita ku Ginosar. Agogo ena a chipewa chaching'ono pamutu anadzuka, n'kugunda khadi lawo m'malo mwathu. Tinayesa kuwabwezera, anangotikankha dzanja n'kuyang'ana pawindo.

Ku Ginosar kuli bwato limene linapezeka m'matope mu 1986, nyanja ya Galileya itaphwa ndi chilala. Ndi la nthawi ya Yesu, lalitali mamita 8 ndi pang'ono, lokhomedwa ndi matabwa a mitengo yosiyanasiyana, zigamba zokhazokha. Eni ake anali anthu osowa. Nyanjayo ndi yaing'ono kuposa mmene ndinkaiganizira, makilomita 21 m'litali ndi 13 m'lifupi. Tsidya lina umaliona bwinobwino. Nsomba yokazinga imene amagulitsa alendo ndi dzina la Petro ndi yodula, tinagawana imodzi.

Lachisanu, Kaperenao ndi Tabgha

Basi imakusiya pamphambano, kotsalako ndi miyendo. Dzuwa linatiwotcha. Ku Kaperenao sunagoge wa miyala yoyera ndi wa zaka mazana angapo pambuyo pa Yesu, koma wakhala pa maziko a miyala yakuda, akale kuposa iye. Pafupi pomwepo pali tizipinda topanikizana ta nyumba imene amati ya Petro, ndipo pamwamba pake anamangapo tchalitchi mu 1990, cha galasi pansi kuti uzisuzumira. Mudzi wonse ungauzungulire usanamalize kapu ya tiyi. Akhristu amati amene anadutsa pa thanthwe la Mose anadzakhala m'kamudzi aka, nagwira wakhate ndi dzanja, nachiritsa apongozi a Petro malungo. Kalata ya kwa Ahebri imayamba ndi mawu oti kale Mulungu ankayankhula kudzera mwa aneneri m'njira zosiyanasiyana, koma tsopano wayankhula mwa Mwana, amene ndi chithunzi chenicheni cha chikhalidwe chake.

Ku Tabgha tinakhala m'mphepete mwa madzi, kuseri kwa katchalitchi ka miyala yakuda komangidwa mu 1933, kokumbukira Yohane 21. Petro anakana Yesu katatu akuwotha moto wa makala m'bwalo la mkulu wa ansembe. Pano akupezanso moto wa makala, nsomba ili pamoto, buledi ali pambali, wophika ndi yemwe anamukana uja. Anadya kaye. Kenako funso katatu, kodi umandikonda, ndipo nthawi iliyonse akumubwezera ntchito: dyetsa nkhosa zanga. Tchimo la Petro silinabisidwe, mafunso atatuwo anamupweteka, Yohane akunena yekha kuti anamva chisoni. Koma anamupweteka atakhuta.

Achimwene anakhala chete nthawi yaitali, nsapato zili pambali. Kenako anati, "Mng'ono wanga, ine pa bwalo la mpingo ndaweruza milandu yambiri. Wolakwa timamuitana, timamufunsa, timamupatsa chilango chake. Zoyamba ndi chakudya sindinazionepo." Sindinayankhe. Si kawirikawiri amayankhula choncho, ndipo ndikanayankha akanabweza mawu.

Tinathamangira basi yomaliza, poti Lachisanu masana zonse zimaima chifukwa cha Sabata.

Loweruka, Tiberias

Palibe basi, masitolo ambiri ndi otseka. Mayi wa nyumba imene tikugona anatisiyira mphika wa nyemba, mbatata ya kachewere ndi mazira, umene unagona pa moto wochepa usiku wonse poti iwo saphika pa Sabata. Tadya, tachapa, tagona.

Masana ndinawerenga Mateyo, ndipo lero ndine amene ndinapeza vesi la achimwene. Mutu 11, Yesu akuuza Kaperenao, kamudzi kabwino kadzulo kaja, kuti kadzatsitsidwa mpaka ku malo a akufa, ndi kuti Sodomu zidzamuyendera bwino kuposa iko. Mutu 23, tsoka pa tsoka kwa alembi ndi Afarisi. Tsono Galileya naye ali ndi mabingu ake, monga Sinai ali ndi chifundo chake. Kugawa kuja kwa Marcion sikuyenda ukawerenga mabukuwo onse. Chimene ndaona n'chakuti mkwiyowo sugwa mwachisawawa. Umagwera odya nyumba za amasiye, otsekera anzawo khomo la ufumu, osenzetsa anthu akatundu amene iwo eni sawakhudza ndi chala. Amosi ndi Yesaya anakwiyira zomwezo zaka mazana ambiri Yesu asanabadwe. Ndipo m'mutu 11 womwewo, atangotha kudzudzula midzi, akuti idzani kwa Ine nonse olema ndi othodwa.

Ndinawerengera achimwene funso la Filipo pa Yohane 14, loti tionetseni Atate ndipo tikhutira, ndi yankho lake: amene waona Ine waona Atate. Iwo anati vesi limeneli analiloweza ali mwana. Ndinati inenso, achimwene, koma ndinkalimva ngati likunena za ukulu wa Yesu basi. Likunenanso za Atate: kuti kumbuyo kwa Yesu kulibe Mulungu wina wobisika, wa mtima wosiyana, amene akudikira kuti Mwana atembenuke.

Lamulungu, basi ya ku Yerusalemu

Basi inadzaza asilikali achinyamata obwerera ku ntchito. Mfuti ya amene ndinakhala naye inatsamira bondo langa ulendo wonse, iye ali m'tulo. Sindinagone.

Lolemba, Yerusalemu

Tinadzuka kukadali mdima kuti tikaone akutsegula tchalitchi cha Manda Opatulika, pamalo amene amati Yesu anapachikidwa ndi kuikidwa m'manda. Kiyi wake amasunga ndi Asilamu a banja la Joudeh, wotsegula ndi a banja la Nuseibeh, mwambo umene amati unayamba nthawi ya mfumu yachisilamu Saladin, yemwe analanda mzindawu mu 1187. M'katimo mumagawana mipingo isanu ndi umodzi: Agiriki, Akatolika, a ku Armenia, Akoputi (Akhristu a ku Egypt), a ku Syria ndi a ku Ethiopia. Aliyense ali ndi maola ake, nyale zake, ngakhale masitepe ake osesa. Pansi pa windo, pamwamba pa khomo, pali makwerero a matabwa amene akhala pomwepo kuyambira zaka za m'ma 1700, chifukwa palibe amene angawasunthe popanda enawo kuvomera. Amonke amenyanapo muno kangapo.

Izi zinandikhumudwitsa kuposa mmene ndinkayembekezera. Ambirife chithunzi chathu choyamba cha Mulungu tinachitenga kwa anthu: bambo, mphunzitsi, mlaliki. Wina anakula ndi bambo womenya, ndipo mawu oti Atate amamuumitsa thupi mpaka lero. Wina anamva maulaliki a moto okhaokha, wina a madalitso a ndalama okhaokha. Munthu akanati aphunzire khalidwe la Mulungu poona mmene Akhristu amakhalira pa manda a Ambuye wawo, akanati ndi Mulungu wa malire ndi nsanje. Komabe pa ulendo uno ena amene andikumbutsa mawu a pa Eksodo 34 sanali Akhristu n'komwe: mnyamata wa pa phiri, agogo a m'basi. Anthu amationetsako, koma ndi galasi lopindika, liyenera kuyesedwa ndi chinachake.

Masitepe okwerera ku Gologota ndi opapatiza, osalala chifukwa cha mapazi. Pamwamba anthu amagwada pansi pa guwa n'kulowetsa dzanja m'kabowo kukhudza thanthwe. Mzere unali wautali, fungo la lubani ndi makandulo, wina akundikankha kumbuyo, ndipo kwa kanthawi mpweya unandichepera. Achimwene anandigwira phewa. Titakhala pa benchi pambali anandinong'oneza, "Vesi 7 lija lili pano." Ndinafunsa kuti mbali iti. Anati, "Zonse. Tchimo silinasiyidwe, koma taona amene walisenza." Ndi zimene Paulo akunena pa Aroma 3, kuti Mulungu akhale wolungama, nakhalenso wolungamitsa wokhulupirira, ndi pa 2 Akorinto 5, kuti Mulungu anali mwa Khristu akuyanjanitsa dziko ndi Iye mwini. Iwo anazinena mwachidule kuposa Paulo, ndipo sanazinene ngati awina mlandu.

Tinatulukira padenga, kumene amonke a ku Ethiopia amakhala m'tinyumba tating'ono totsamira khoma. M'katchalitchi kawo mmonke wokalamba ankawerenga buku lalikulu. Anatikodola kuti tikhale, tinakhala, osamva liwu ndi limodzi lomwe. Pa chipata cha Damascus tinagula ka'ak, buledi wautali wowaza chitowe, ndi zaatar, zokometsera za masamba ouma, wokulunga m'kapepala. Ndi chakudya chotchipa kwambiri chimene tapeza m'dziko lino.

Lachiwiri, Jaffa

Sitima yochokera ku Yerusalemu imafika ku Tel Aviv usanakhazikike bwino. Kuchokera apo tinayenda m'mphepete mwa nyanja mpaka ku Jaffa, Yopa wa m'Baibulo. Doko ndi laling'ono, mabwato a asodzi ndi malo odyera odula. Tinakhala pakhoma ndi madzi a malalanje.

Mawu a pa Sinai aja amabwerezedwa m'Chipangano Chakale monse: Numeri 14, Nehemiya 9, Masalimo 86, 103 ndi 145, Yoweli 2. Onsewo amawatchula popempha, poyamika kapena poitana anthu kuti alape. Ndi Yona yekha amene amawatchula mokwiya. Anakwera chombo pa doko lino kuthawa ulendo wa ku Nineve, likulu la Asuri, adani ankhanza a mtundu wake, ndipo pa mutu 4 akuulula chifukwa: ndinadziwa kuti Inu ndinu wachisomo ndi wachifundo, wosakwiya msanga, n'chifukwa chake ndinathawa. Khalidwe la Mulungu ankalidziwa pamtima, vesi ndi vesi. Chimene sanafune n'chakuti lifike kwa anthu aja. Zaka mazana ambiri pambuyo pake Petro anali padenga la Simoni wofufuta zikopa, m'tauni yomweyi, ndipo anafunika kuona masomphenya katatu kuti avomere kulowa m'nyumba ya Korneliyo, msilikali wa Aroma. Atafika kumeneko anati tsopano ndazindikira kuti Mulungu alibe tsankho. Tsopano, munthu woti anayenda ndi Yesu zaka zonse zija, nadya nsomba ya pa makala ija.

Ndinafunsa achimwene kuti Nineve wawo ndi ndani. Anaseka, nati alipo, ndipo ndikumudziwa, koma sakamba pano. Anandibwezera funso. Wanga aliponso, ndipo m'dziko lino, la makoma ndi zipata za asilikali, pafupifupi aliyense amene tacheza naye ali ndi wake.

Khomo la nyumba imene amati ya Simoni ndi lotseka, mumakhala anthu. Tinaima panja pang'ono n'kubwerera. Ndege ndi ya usiku, ndipo atichenjeza kuti tifike ku bwalo maola atatu isananyamuke chifukwa mafunso a potuluka ndi ambiri kuposa a polowa. Achimwene akufufuza kapepala kabuluu kaja m'Baibulo, ayambira ku Genesis.